Funsani Adokotala: Mthupi muli asilikali, nanga khansa imadutsira pati?

Mwezi uno mauthenga ambiri amene afika pa foni yanga akhala a khansa yokhayokha, kaya kwagwanji, nde ndangosankhapo ochepa omwe akugwirizana mutu. Ena amene munafunsa za BP ndi za mwana wokodza pamphasa mudikire kaye mwezi wamawa. Kuno ku Ngabu dzuwa likuswa mtengo, ndikulemba ndili pansi pa nimu foni yatentha ngati mbatata yootcha, mukaona chilembo china chadumpha mungondikhululukira.

FUNSO: Adokotala, ine mutu wanga sukugwira. Achemwali anga awapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero ku Queens mwezi wathawu. Chonsecho munthuyu alibe kachilombo, tinayezetsa limodzi kawiri konse, ndi mzimayi wojintcha wolima yekha dimba kudambo. Ku sikelo amatiuza kuti mthupi muli asilikali olimbana ndi matenda, nde asilikali amenewo anali kuti chotupacho chikukula? Abale ena akuti ndi anthu achita chipongwe. Tithandizeni. Mayi wodandaula, Bangula.

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri ndi matendawa, ndipo mwachita bwino kuwaperekeza achemwaliwo mpaka ku Blantyre. Funso mwafunsali lasowetsa tulo anthu ophunzira kwa zaka zoposa 100, nde musadzione ngati mwafunsa zopepera ayi.

Khansa si ngati malungo. Malungo ndi mlendo, kachilombo kake kamabwera ndi udzudzu, asilikali akangokaona amadziwiratu kuti uyu siwathu. Khansa ndi mwana wapakhomo. Ndi selo, kanjerwa kosaoneka ndi maso komangira thupi, la mthupi mwanu momwemo limene malangizo ake amkati, aja amati DNA, asokonekera nde langoyamba kuswana osaleka. Tangoganizani mlonda wa munda wa nzimbe. Wakuba wochokera kutali amamugwira msanga, koma mwana wa a kapitawo amene wakulira pomwepo, wavala ovolosi ya kampani, mlondayo amamudziwa ndi dzina lomwe, ameneyo atha kutuluka ndi mtolo masanasana mlonda akumupatsa moni.

Komabe asilikaliwo sikuti amangogona. Selo lililonse lili ndi kambale pamwamba pake, asayansi amakatchula MHC, pamene limayalapo tizidutswa ta zinthu zomwe likupanga mkati. Asilikali otchedwa ma T cell amayenda mthupi monse akusuzumira m'timbale timeneti ngati apolisi apa rodibuloko akuti tatsegulani chikwamacho tione. Inu mumadziwa CD4 chifukwa cha nkhani za ma ARV, amenewo ndi ma T cell otsogolera nkhondo, koma palinso anzawo a CD8 omwe ntchito yawo nkupha basi. Akapeza kachidutswa kachilendo m'kambale, selo limenelo amaliboola nkulipha pompo. Ndipo zimagwiradi ntchito. Khansa ya achemwali anuyo imayamba ndi kachilombo kena, osati ka HIV, koma ka HPV, komwe anthu ambiri amene anagonanapo ndi munthu amakatenga nthawi ina pa moyo wawo osadziwa nkomwe. Mwa anthu 10 otenga HPV, pafupifupi 9 asilikali awo amakachotsa okha pasanathe zaka ziwiri, mwakachetechete, opanda ngakhale panado. Otsalawo ndi amene kachilomboko kamakhazikika, ndipo kwa mayi amene chitetezo chake chili bwino zimatenga zaka 15 mpaka 20 kuti zifike pa khansa. Nde mukuona, nkhondoyi mthupi mwa achemwali anu inayamba kalekale, mwina ali mtsikana, ndipo asilikali awo anaigwira kwa zaka zambirimbiri.

Nanga anagonja bwanji? Apa alimi a thonje andimva msanga. Mukapopera mankhwala m'munda mbozi zambiri zimafa, koma pamatsala ziwiri zitatu zokakamira, zimenezo nzomwe zimaswana, pakapita zaka mungoona mankhwala aja mukupopera ngati madzi. Chotupa chimachitanso chimodzimodzi. Asilikali amapha maselo oyipa amene akuoneka msanga, amatsala ndi aja ochenjera kubisala, nde amene akuswana ndi ochenjerawo. Katswiri wina waku America, Robert Schreiber, ndi anzake anazionetsa zimenezi pa mbewa cha m'ma 2001, kuti chitetezo cha mthupi chimapha chotupa koma nthawi yomweyo chimachisula, ngati mmene nyundo imasulira khasu. Chotupa chimene chafika poti dokotala wachiona ndi maso ndi chija chakhoza kale mayeso onse a asilikali.

Mabodza ake ndi ambiri. Maselo ena amangochotsa kambale kaja, wapolisi akabwera palibe choti asuzumiremo, ndipo HPV payekha ali ndi timapuloteni tothandiza kutsitsa timbale timeneti. Thupi nalo linakonzeka, lili ndi alonda ena otchedwa NK amene amati aliyense wopanda kambale ngwokayikitsa, aphedwe, koma chotupa chimadziwa kusiya timbale tochepa tongokwanira kuti a NK adutse. Bodza lina, lomwe ndilifotokoze bwino poyankha a kabaza m'munsimu, ndi lopatsa msilikali moni wachinsinsi woti iye akangoulandira manja amalefuka. Koma limene ine limandiwawa kwambiri ndi la ziphuphu. Mthupi muli asilikali ena oleretsa ndewu, amati ma Treg, ntchito yawo ndi kuuza anzawo kuti basi zakwana tisawononge zathu zomwe. Ndi ofunika zedi, popanda iwo thupi lingadzidye lokha, moti amene anatulukira za iwowa, Shimon Sakaguchi waku Japan pamodzi ndi Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell, analandira mphoto ya Nobel mu 2025. Chotupa chimaitana oleretsa amenewa kuti adzazungulire pakhomo pake, ngati munthu wolakwa amene wayamba iyeyo kukafika kwa amfumu ndi nkhuku. Maselo ena akuluakulu odya zinyalala, ma macrophage, m'malo modya chotupacho amatembenuka nkuyamba kuchithandiza kumera mitsempha ya magazi yoti chizidyera. Kuwonjezera apo chotupa chimadya shuga yense wapamalopo, nkusiya malo owawasa opanda mpweya wokwanira, kenako nkudzimangira mpanda wa minofu yolimba. Msilikali amene wakwanitsa kufika amakhala ngati bwato lolowa m'namasupuni ku Elephant Marsh, ukupalasa thukuta lili kamukamu koma sukusuntha.

Nde za chipongwe cha anthuzo ine sindikuvomera nawo mayi, ndipo chonde musalole kuti achemwali achotsedwe pa mndandanda wa kemo, mankhwala amphamvu aja opha khansa, kapena opaleshoni nkupita nawo kwina. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, kodi amayi onsewo analodzedwa ndi ndani? Inuyonso, ngati muli pakati pa zaka 25 ndi 49, pitani mukaunikidwe. Ndi zaulere, nesi amapaka viniga pa khomo la chiberekero nkudikira kamphindi, pamene payamba kuvuta pamayera mbee, ndipo pakakhala pang'ono amapatentha ndi kachipangizo tsiku lomwelo, inu nkukwera njinga kubwerera kwanu.

FUNSO: Adokotala bho? Ine ndimapalasa kabaza pa Nchalo. Ndaona kavidiyo pa Facebook akuti kunja kwatuluka jakisoni wochiza khansa popanda kemo, akuti mpaka pulezidenti wina waku America anachira naye khansa itafika kale mubongo. Nzoona kapena ndi zija za pa intaneti? Ngati nzoona bwanji kuno sakubweretsa, madala anga akulephera kumeza nsima akungodalira phala. Wakabaza, Nchalo.

YANKHO: Achimwene, nthawi ino a pa intaneti sananame kwenikweni, angokometsera. Pulezidentiyo ndi Jimmy Carter. Mu 2015 ali ndi zaka 90 analengeza yekha kuti ali ndi khansa yapakhungu yotchedwa melanoma ndipo yafika kuchiwindi ndi kubongo. Anamuchita opaleshoni ya chiwindi, anamuwotcha tizotupa tamubongoto ndi rediyesheni, nkumupatsanso mankhwala otchedwa pembrolizumab, dzina lamalonda Keytruda. Chaka chisanathe sikani sinaonetsenso kanthu, ndipo mkuluyu anadzamwalira mu Disembala 2024 ali ndi zaka 100. Mwaona kuti sanali jakisoni yekha, koma jakisoniyo anachitadi mbali yake.

Mmene amagwirira ntchito inuyo a njinga simuvutika kumva. Msilikali wa T cell ali ndi mabuleki. Ayenera kukhala nawo, chifukwa msilikali wopanda mabuleki ali ngati thiraki yodzadza simenti ikutsika phiri lija lochokera ku Blantyre kulowera pa Thabwa, imalizira kugunda zake zomwe. Buleki imodzi imatchedwa CTLA-4, ina PD-1. Ya PD-1 anaitulukira ndi Tasuku Honjo waku Kyoto ku Japan mu 1992, ndipo James Allison waku America ndi amene anaganiza kuti bwanji titamasula ya CTLA-4 tione ngati asilikali angadye chotupa, anayesa pa mbewa zotupa nkusungunuka. Awiriwa anagawana Nobel mu 2018. Tsono chotupa chinaphunzira kuvala kachinthu kotchedwa PD-L1, komwe kamalowa ndendende mu PD-1 ngati kiyi m'loko. Msilikali wafika, wachizindikira chotupa bwinobwino, wakonzeka kubaya, chotupa chingomugwira chanza nkufinya buleki ija, iye nkuima njii ngati wamwa kachasu wa m'mamawa. Chimene Keytruda amachita nkutseka pa PD-1 paja kuti dzanja la chotupa lisafikepo. Mankhwalawo paokha sapha khansa olo pang'ono, amene akupha ndi asilikali anu omwe. Oyamba a mtunduwu, ipilimumab, anavomerezedwa ku America mu 2011, Keytruda ndi mnzake nivolumab anabwera mu 2014.

Pa melanoma zinasinthadi zinthu. Kale munthu ikamufalikira mthupi nthawi zambiri samatha chaka, koma pa kafukufuku wina wamkulu amene anaphatikiza nivolumab ndi ipilimumab, anthu opitilira 4 mwa 10 aliwonse anali adakali moyo patatha zaka 10. Zimenezo si zocheza. Koma werengani bwino, enawo sanapulumuke. Ndipo pa makhansa ambiri omwe amathandizika amakhala ochepa kuposa apa, chifukwa kumasula buleki kumathandiza pokhapokha ngati msilikali wafika kale pa chotupa ndipo akuchiona. Njinga yopanda wopalasa olo muchotse mabuleki onse siyenda. Nchifukwa chake madokotala amayamba adula kanyama nkukayeza ku labu ngati chotupacho chili ndi PD-L1 kapena zizindikiro zina.

Za muvidiyo zoti alibe mavuto ndi bodza. Tsitsi mwina silithothoka ngati pa kemo, koma asilikali omasulidwa mabuleki aja nthawi zina amatembenukira matumbo munthu nkutsegula m'mimba koopsa, kapena mapapo, chiwindi, chithokomiro, ena mpaka amayamba shuga yofuna insulini moyo wonse. Pamafunika chipatala choti chiziyeza magazi pafupipafupi ndi kuthamanga ndi mankhwala obwezera mabuleki zikavuta. Ndiye mtengo. Diripi imodzi ya Keytruda ku America imaposa madola 10,000, amaika pa masabata atatu aliwonse, ena mpaka zaka ziwiri. Tachulukitsani nokha ndi mmene dola ikugulidwira, muone kuti mungapalase maulendo angati a pa Nchalo kupita ku Dyeratu. A WHO anawaika mankhwalawa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019, ndipo chilolezo choti kampani imodzi yokha ndiyo izipanga chikuyembekezeka kuyamba kutha cha m'ma 2028. Ife akale timakumbuka kuti ma ARV nawonso anali a anthu olemera okhaokha mpaka makampani aku India atayamba kupanga otchipa, nde ine sindinataye mtima.

Koma za madala anu musadikire zimenezo. Munthu wamkulu amene nsima ikumukanira pakhosi, wayamba phala, akuwonda, ameneyo akufunika kuunikidwa kummero ndi kachubu ka kamera msanga, chifukwa khansa yakummero kuno kwathu ndi yambiri. Pitani nawo kuchipatala cha boma sabata ino mukapemphe kalata yowatumiza ku Queens. Olo atapezeka kuti yakula, pali kachubu kamene amaika kummero kuti munthu azitha kumeza, komanso mankhwala opha ululu, a Tiyanjane pa Queens pomwepo ntchito yawo ndi imeneyo.

FUNSO: Pali mayi wina mu gulupu yathu ya banki mkhonde akugulitsa timabotolo ta immune booster, akuti timakweza chitetezo mpaka chotupa chimaphwa chokha. Poti inu mumanena kuti chitetezo ndi chimene chimapha khansa, nde tigule? Takhuta. Nyakwawa wamkazi, Tengani.

YANKHO: Mayi, musagule. Ndalamayo gulani mazira, nyemba ndi mlamba wodwalayo adye, yotsalayo ikhale thiransipoti yopitira kuchipatala.

Taonani zimene ndawauza amayi aku Bangula pamwambapa. Vuto la khansa nthawi zambiri sikuchepa kwa asilikali, achemwali awo aja asilikali anali nawo okwanira. Vuto ndi loti asilikaliwo apusitsidwa. Mlonda amene akupatsa moni wakuba olo mumuphikire nsima ya mapira ndi nyama ya mbuzi katatu patsiku, angonenepa, moni uja apitiliza kupereka. Mankhwala enieni aja amapita pa kachinthu kamodzi kodziwika ndi dzina, nanga kabotolo ka mayiwo kakupita pati? Tawafunsani PD-1 amudziwa.

Ndikugwirabe ntchito ndinaonapo bambo wina atabwera ndi mkazi wake pa ngolo, chotupa cha bere chitaphulika kale fungo lili guu, m'jumbo atanyamula timabotolo 14 topanda kanthu kuti andionetse kuti iwo ayesetsa. Anagulitsa mbuzi zonse kuti agule timeneto. Chotupacho pamene ankachiona koyamba akuti chinali ngati nthudza. Sindinawakalipire, nanga ukalipira bwanji munthu amene wagulitsa khola lonse chifukwa chokonda mkazi wake, koma usiku umenewo nsima sinalowe.

FUNSO: Adokotala, mng'ono wanga anasiya kumwa ma ARV madzi atasefukira nthawi ya Freddy, buku lake linapita ndi madzi nde anangokhala. Pano mwendo watupa walimba gwaa ndipo watuluka timabanga takuda, ena mkamwa. Achipatala akuti ndi khansa ya Kaposi ndipo amuyambitsanso ma ARV. Ine ndikudabwa, khansa ndi ma ARV zikugwirizana bwanji, sanasokoneze mafayilo? M.J., Makhanga.

YANKHO: Sanasokoneze achimwene, achita zenizeni. Ndipo nkhani ya mng'ono wanuyi ndi umboni waukulu kuposa wa Jimmy Carter woti chitetezo cha mthupi chimalondera khansa usana ndi usiku.

Kaposi imayamba ndi kachilombo kotchedwa HHV-8, anakatulukira mu 1994 ndi Yuan Chang ndi mwamuna wake Patrick Moore ku New York, ngakhale matendawo dokotala Moritz Kaposi anawafotokoza kale mu 1872 ku Vienna. Kuno kwathu anthu ambiri kachilomboka tili nako, ambiri tinakatenga tili ana kudzera m'malovu, ndipo timakalamba nako osadwala chifukwa asilikali anakakhalira pamsana. Nakonso ndi kakatswiri pa bodza lochotsa kambale lija, koma asilikali akakhala amphamvu sikapita patali. HIV ikapha ma CD4, amene anakhala pamsana uja wadzuka, nde timabanga timayamba. Azungu anaziona zomwezi pa anthu oikidwa impso ya munthu wina, amene amamwa mankhwala ofooketsa dala chitetezo kuti thupi lisakane impsoyo, ena amatuluka Kaposi, madokotala akachepetsa mankhwalawo mabanga nkuyamba kuzilala okha.

Nde ma ARV kwa mng'ono wanu akugwira ntchito yofanana ndi ija anthu akulipira madola zikwizikwi kunja, kubwezeretsa asilikali pa ntchito, kungoti ife timalandira ulere pa windo. Kaposi ikakhala yochepa ma ARV okha amatha kuibweza. Koma poti mwanena kuti mwendo walimba ndipo zafika mkamwa, mwachidziwikire adzafunikanso kemo, musadabwe akakuuzani choncho ndipo musakane. Chinanso, masabata oyambilira mabanga amatha kuoneka ngati akuwonjezeka kapena kutupa kwambiri chifukwa asilikali obwerera aja afika ndi ukali. Zikatero asasiye mankhwala, abwerere kuchipatala akawaonetse, makamaka akayamba kubanika kapena kutsokomola magazi, apo musadikire tsiku la pa kadi. Ndikudziwa kuti kuchoka ku Makhanga kukafika kuchipatala chachikulu si masewera, nthawi ya mvula mpaka bwato, koma yesetsani. Ndipo kwa ena nonse, buku likapita ndi madzi mankhwala samakukanizani, mumangopita pachipatala chilichonse chapafupi nkufotokoza.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa Biology pa sekondale ina yoyendera kuno ku Chikwawa. Ana a Fomu 4 anandipanikiza kuti pambuyo pa PD-1 asayansi akusaka chiyani tsopano, ine ndinangoti tidzakambirana mawa. Ndipulumutseni adokotala mawalo lisanafike. Aphunzitsi, Chapananga.

YANKHO: Kkkk aphunzitsi, ana amenewo asungeni bwino, muli madokotala mmenemo. Auzeni kuti ganizo lake ndi lakale, William Coley ku New York mu 1891 ankabaya dala mabakiteriya m'zotupa ataona kuti odwala ena akadwala matenda otentha thupi chotupa chimachepa. Anzake ankamuona ngati wozungulira mutu. Ndipo kachipsera ka BCG kamene ana anuwo ali nako paphewa, katemera wa TB yemweyo kuyambira 1976 madokotala amamuthira m'chikhodzodzo kuti adzutse asilikali pa khansa yachikhodzodzo imene sinalowe mkati mwa mnofu. Musafulumire kusangalala, khansa yachikhodzodzo imene imabwera chifukwa cha likodzo losachizidwa, yomwe ndiyo nkhawa yathu kuno kumadambo, ndi ya mtundu wina ndipo imapezeka italowa kale mkati, nde BCG sathandizapo. Pamenepo chothandiza ndi kumwa praziquantel uja amagawa m'sukulu ana nkumathawa.

Tsono zatsopano. Anapeza kuti msilikali amene wamenya nkhondo nthawi yaitali amatopa nkumera mabuleki ena owonjezera, nde mpikisano ndi wofuna kumasula amenewo. Ya LAG-3 inatheka, mankhwala ake relatlimab anavomerezedwa mu 2022 pa melanoma, ophatikiza ndi nivolumab. Ya TIGIT makampani anathirapo ndalama zankhaninkhani koma pa mayeso akuluakulu zinakanika, ambiri anaisiya. Palinso CD47, kachikwangwani kamene selo limanyamula kouza ma macrophage kuti musandidye, ndipo zotupa zimakanyamula kambiri. Ganizo lofuna kukaphimba linali lokoma, koma maselo ofiira a magazi nawonso amadalira kachikwangwani komweko, nde odwala magazi amawathera, ndipo mankhwala amene anali patsogolo, magrolimab, anawaimitsa mu 2024 ataona kuti sakuthandiza. Izi anawo azimve, kuti mu sayansi zambiri zimene zimachiza mbewa zimakagwa zikafika pa munthu.

Njira ina ndi yosula asilikali kunja kwa thupi. Amatenga ma T cell a wodwala, ku labu nkuwaika maso atsopano oona chotupa olo chitabisa kambale kaja, kuwachulukitsa mamiliyoni nkuwabwezera pa diripi. Imeneyo ndi CAR-T. Mwana woyamba wa khansa ya m'magazi kulandira anali Emily Whitehead ku Philadelphia ku America mu 2012, ali ndi zaka 6 khansa ya m'magazi itakana mankhwala onse, anatsala pang'ono kufa ndi kutentha thupi kobwera ndi asilikaliwo koma anachira ndipo pano ndi wamkulu. Itavomerezedwa mu 2017 mtengo wake unali madola 475,000 munthu mmodzi. Imagwira bwino pa makhansa a m'magazi, koma pa zotupa zolimba ngati za bere kapena kummero ikuvutikabe, chifukwa cha namasupuni uja. Mu 2024 anavomerezanso ina, lifileucel, yotenga asilikali amene analowa kale mkati mwa chotupa, poti iwowo mdani akumudziwa nkhope, nkuwachulukitsa. Ndiye pali akatemera a mRNA opangira munthu mmodzi payekha, amawerenga zolakwika za mu DNA ya chotupa chake nkuphunzitsa asilikali tizidutswa timeneto, amenewo adakali pa mayeso.

Imene ine inandiimitsa mutu ndi ya mu 2022 kuchipatala cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York. Odwala 12 a khansa yakumapeto kwa matumbo anapatsidwa dostarlimab, womasula PD-1, kwa miyezi 6, ndipo onse 12 chotupa chinasowa, opanda mpeni opanda kemo. Chinsinsi chake nchoti anasankha okhawo amene zotupa zawo zili ndi vuto lolephera kukonza zolakwika za mu DNA, nde zimadzadza ndi tizidutswa tachilendo tambirimbiri moti asilikali sangaziphonye. Odwala otere ndi ochepa mwa onse a khansa imeneyi. Apa mpamene pakupita nkhani yonse, kudziwa kuti mankhwala ati ngoyenera chotupa cha ndani, zomwe zikutanthauza kuti dziko lopanda ma labu okwanira oyeza tinyama olo litapatsidwa mankhwalawo ulere lingamangowaombera mumdima. Mwana wanu mmodzi adzaphunzire zoyeza tinyama, onse asamangofuna unesi.

Muwapatsenso ya kwathu kuno. Khansa ija imatupitsa nsagwada za ana, Burkitt lymphoma, Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, ndipo m'chotupa chake ndi mmene mu 1964 anapezamo kachilombo koyamba kodziwika kuti kamayambitsa khansa mwa munthu, ka Epstein-Barr. Imakonda madera a malungo ambiri ngati chigwa chathu chino, chifukwa malungo obwerezabwereza amatopetsa asilikali olondera kachilomboko uku akutakasa maselo amene iko kamabisalamo. Funso labwino la mayeso limenelo, kuti neti ya udzudzu ikugwirizana bwanji ndi khansa. Ubwino wake imamva kemo msanga mwana akafika nthawi yabwino.

FUNSO: Kusukulu abwera ndi kalata yoti mwana wanga wamkazi wa zaka 9 abayidwe katemera wa khansa. Apongozi akuti ndi wotseka mimba. Bambo wa ana atatu, Nsanje Boma.

YANKHO: Bambo, sainani kalatayo. Ndi katemera wa HPV, boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019, ndipo mayiko ena anayamba mu 2006, atsikana oyamba kubayidwa aja pano ali ndi ana awo. Amaphunzitsa asilikali nkhope ya HPV 16 ndi 18, mitundu iwiri imene imayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 ya khansa ya khomo la chiberekero, kuti adzakagwire pachipata kasanalowe nkuyamba mabodza onse ndafotokoza aja. Nchifukwa chake amabaya ali wamng'ono asanakumane nako, kwa munthu amene khansa yayamba kale katemerayu sachiza. Mkono umawawa tsiku limodzi kapena awiri, mwanayo adye kaye phala asanapite chifukwa ena amachita chizungulire ndi mantha a singano kuphatikiza dzuwa lathuli. Apongoziwo musakangane nawo, atengeni mupite nawo limodzi kwa alangizi a zaumoyo akafunse okha, ndipo poti afika kale pachipatala, ngati msinkhu ukuwalola alowe nawonso chipinda cha viniga chija.